Pepala la Kuntchito ndi Zida za a Kalipentala

Kuntchito ankamutcha Mai Tsache, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka anthu anaiwala kuti ali ndi lina. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakhala akusesa m'nyumba yaikulu yosungiramo zipangizo za magalimoto ndi makina, nyumba yamalata okhaokha, yozizira mapazi m'mawa, yotentha ngati uvuni masana. Ankayamba ndi ofesi, kenako mizere khumi ndi iwiri ya mashelefu, n'kumalizira pakhomo lalikulu pamene amuna otsitsa katundu ankangotaya zingwe, makatoni ndi mapepala ngati kuti pansi pali kamwa lomeza zinyalala. Akaweruka ankakwera minibasi mpaka pamlatho, kwinako n'kuyenda wapansi, kutsetsereka mpaka kumunsi kwenikweni kumene madzi onse a m'misewu ankakathera.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri. Nyengo ya mvula khoma lakuchipinda linkachita thukuta. Mchere unkasungunuka m'botolo, machesi ankakana kuyaka, ndipo chilichonse chachitsulo chinkafiira: loko wa pachitseko, mahinjesi, sizasi, ngakhale zipi wa chikwama.

Amuna ake anali kalipentala, ndipo anthu sanasiye kuwaitana a Kalipentala ngakhale panali patatha zaka zinayi asanakhome msomali. Sitiroko inawagwira ali mkati mopala chitseko cha munthu. Dzanja lamanja linafa, mwendo unkachita kukokedwa, pakamwa panapotokera mbali imodzi. Mutu wokha ndiwo unatsala wathunthu, pamodzi ndi ukali wake wonse. Zida zawo zinali m'bokosi lalikulu lomwe anakhoma okha ali mnyamata: masowo atatu, mapuleni awiri osalazira matabwa, matchizulo asanu ndi atatu osemera, sikweya, mahamala, chobowolera chopukusa pamanja ndi mano ake. Kuchipatala anawauza kuti nthawi zina dzanja limabwerera pang'ono, ndipo iwo mawu akuti pang'ono sanawamve. Anamva zoti limabwerera. Choncho zida zinayenera kukhala zokonzeka.

Lamulungu linali tsiku lokhalo limene Mai Tsache sankapita kuntchito. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuchapa zofunda, kuphika. Dzuwa likangopendeka, a Kalipentala ankagogoda ndodo pansi kawiri.

"Mayi, bokosi lija."

Iye ankalikoka kuchokera kuchipinda, msana ukulira, n'kuyala thumba pakhonde. Chida chilichonse chinkatulutsidwa, kupalidwa ndi sandipepa pamene pafiira, kupukutidwa, kupakidwa oyilo ndi kansanza. A Kalipentala ankakhala pampando wawo, maso ali pa manja ake.

"Osapala mopingasa. Tsatani kutalika kwa chitsulo."

"Ndikutsata, bambo."

"Simukutsata. Mukupala ngati mukutsuka poto."

"Nanga ine ndinaphunzira za mapoto, za masowo ndinaphunzira kuti?"

"Zaka zinayi ndikukuphunzitsani."

"Ndiye kuti mphunzitsi ndi amene ali ndi vuto."

Nthawi zina ankaseka, kuseka kwa mbali imodzi kuja, koma nthawi zambiri ankangoloza ndi ndodo pamene patsala kadontho. Ntchitoyo inkatha dzuwa litalowa. Likafika Lamulungu lina, mvula itagwa mlungu wonse, madontho ofiira ankakhala atabwerera pa masowo ngati sanagwidwepo. Mai Tsache sankadandaulanso mokweza. Kutopa kwake kunali kutalowa m'mafupa, kutopa kumene munthu amadzuka nako m'mawa ngati kuti kugonako inali ntchito ina.

Lolemba lina ali kusesa pakhomo lalikulu, chala chake chachikulu chinang'ambika pamene sandipepa anadya khungu, magazi n'kudetsa mpini wa tsache. Woyang'anira katundu anaona. Anali bambo wamtali, wa imvi, amene onse ankamutcha a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwake.

"Mai Tsache, manja amenewa mukulimbana ndi ndani kunyumbako?"

"Dzimbiri, a Makiyi. Ine ndikalichotsa Lamulungu, ilo Lachitatu labwerera ndi abale ake."

Atatero anawerama kutola mapepala amene anyamata anataya. Anali mapepala ofiirira, okhuthala pang'ono, ofewa m'manja, a kafungo kake kamene anakazolowera mpaka kusakamvanso. Zaka zonsezo ankawatola n'kukawaponya m'mgolo wa zinyalala. Tsiku limenelo anaima nalo pepala m'manja, akuyang'ana mabelingi a m'mawilo a galimoto amene anali atangotulutsidwamo. Anali kung'anima ngati apangidwa dzulo.

"A Makiyi, ndifunse nawo. Zitsulozi paja mumati zimayenda miyezi pamadzi?"

"Miyezi itatu, nthawi zina isanu. Zikafika kuno zimakhalanso chaka pashelefu."

"Nanga bwanji sizichita dzimbiri? Oyilo sindikumuonapo."

A Makiyi anamulanda pepalalo n'kumuika pamphuno.

"Nunkhizani. Mwamva? Pepalali analinyika m'mankhwala. Mankhwalawo amatuluka pang'onopang'ono ngati nthunzi, yosaoneka ndi maso. Mukatsekera chitsulo pamodzi ndi pepalali, nthunziyo imadzaza m'katimo n'kukakhala pachitsulo ponseponse, mpaka m'timing'alu momwe nsanza yanu singafike. Chinyezi chikabwera chimapeza malo atatengedwa kale."

"Pepala lokhali basi?"

"Lokhali. Koma lili ndi malamulo ake. Dzimbiri lomwe lilipo kale silichotsa, muyambe mwalichotsa nokha. Chitsulo chikhale chouma, ndipo mukachipukuta musachigwirenso ndi manja, thukuta la zala ndi mchere. Mukakulunga, mutsekere m'chitini kapena m'pulasitiki, mumange zolimba. Mukasiya poyera nthunzi ija imangopita ndi mphepo, mwatsala ndi pepala wamba. Ndipo musakulungire chakudya, kapena mipeni yakukhitchini n'kuigwiritsa ntchito osaitsuka."

"Limatha masiku angati?"

"Latsopano, lotsekeredwa bwino, zaka ziwiri zimakwana. Awa agwirapo kale ntchito, tinene chaka. Musatenge omwe agona pansi chigonere. Ndizikusungirani ongotsegulidwa kumene."

Chaka. Mai Tsache anawerenga ma Lamulungu a m'chaka chimodzi ali chiimire.

Lachisanu a Makiyi anamupatsa mpukutu wa mapepala womangidwa m'thumba lapulasitiki, pamodzi ndi kakalata kosonyeza alonda a pageti kuti sanabe. Anafika nawo kunyumba mtima uli m'mwamba, ndipo anafotokoza zonse asanavule n'komwe nsapato. A Kalipentala anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ili gwa.

"Ndiye mukufuna kukulunga zida zanga."

"Kuti zisachite dzimbiri, bambo."

"Kuzikulunga, kuzimanga, kuzitsekera chaka chathunthu. Chimene amakulunga n'kutsekera ndi chimene ntchito yake yatha. Bwanji osayamba ndi ineyo?"

"Musayankhule choncho."

"Dzanja likabwerera mwezi wamawa ndidzayambe kumasula mapepala?"

"Kumasula pepala ndi ntchito ya mphindi imodzi."

"Pepala ndi pepala. A Makiyi anuwo anagwirapo puleni? Chitsulo chimafuna oyilo ndi dzanja la munthu."

"Dzanja lake ndi langali," anatero Mai Tsache, n'kuwaonetsa chala chomangidwa kansalu.

A Kalipentala anayang'ana kumbali. Madzulo amenewo anadya osayankhulana, ndipo Lamulungu bokosi linakokedwa monga mwa masiku onse. Koma atafika pa matchizulo, a Kalipentala anatsokomola.

"Tengani atatu ang'onowo. Mmodzi mukulunge m'pepala lanulo. Wina mukulunge m'nyuzipepala. Wachitatu mumusiye chomwecho. Tione ngati pepala la a Makiyi lili ndi nzeru kuposa nyuzipepala."

Anapala onse atatu mpaka kuyera, n'kuwapukuta ndi nsalu youma, osawapaka oyilo. Awiri okulungidwawo anawaika aliyense m'chitini chake cha mkaka wa ufa n'kutseka zolimba. Wachitatu anamugoneka pamwamba pa zitinizo, pansi pa bedi, mbali ya khoma lochita thukuta lija. A Kalipentala analamula kuti papite milungu isanu ndi umodzi.

Mvula ya chaka chimenecho sinapume. Madzi analowa pakhonde kawiri, nsapato za Mai Tsache sizinaume mwezi wonse, ndipo chifuwa chinamugwira osamusiya. Kuntchito ankasesa matope amene magalimoto ankalowa nawo, kunyumba ankakolopa matope amene ankalowa okha. Ma Lamulungu onse asanu ndi limodzi anapala zida zotsalazo akutsokomola.

Tsiku lotsegula litafika, a Kalipentala ndi amene anakumbutsa. Tchizulo wosakulungidwa uja anali atafiira yense. Wa m'nyuzipepala anali ndi madontho, ndipo zilembo zinali zitamatirira pachitsulo. Wa m'pepala la a Makiyi uja, Mai Tsache anamumasula pang'onopang'ono, akuopa kuchita manyazi. Chitsulo chinatuluka choyera ngati tsiku limene anachikulunga.

A Kalipentala anachitenga ndi dzanja lamanzere, kuchitembenuza, kuchiyang'ana cha kudzuwa, kuchinunkhiza. Anafufuza kadontho mpaka m'mbali mwa mpini. Sanakapeze.

"Mwina chitini chake n'chabwino kuposa chinzakecho," anatero.

"Bambo."

"Chabwino. Pepala lanu lapambana."

Lamulungu lotsatira linali lolemetsa kuposa onse, chifukwa chida chilichonse chinafunika kuyeretsedwa kotheratu. Mwana wawo wamwamuna, woyendetsa galimoto zazikulu zamaulendo ataliatali, anali atabwera kudzawaona, ndipo anathandiza kupala masowo. Mai Tsache anavala timatumba tapulasitiki m'manja kuti asasiye zala pazitsulo. Ankakulunga chida, mwanayo n'kuchilowetsa m'thumba, kufinya mpweya, kumanga ndi mphira. Ntchito ili mkati, mwanayo anayankhula osayang'ana bambo ake.

"Adadi, koma zidazi zikakhala zoyera chonchi, pali anthu angazifune. Ndikudziwa wina ali ndi shedi pafupi ndi depoti yathu. M'malo moti zizingogona..."

"Zikugona m'nyumba mwako?"

"Ayi, ndimangonena."

"Ukadzamanga yako uzidzanena."

Mwanayo atamaliza masowo anati akukaona anzake. Panatsala puleni wamkulu, wa mpini wakuda ndi thukuta la zaka makumi atatu. Mai Tsache atatambasula dzanja kuti amutenge, a Kalipentala anamukanikiza pamwendo pawo.

"Uyu ayi."

"Achita dzimbiri yekha."

"Ndizimupukuta ndekha. Lamanzereli likugwira."

Kenako a Kalipentala anafunsa, mawu ali pansi, maso ali pa dzanja lakufa lija lomwe linali gone pa bondo.

"Mayi, inu mukuona ngati libwerera?"

Zaka zinayi Mai Tsache ankayankha funso limenelo ndi mawu amodzimodzi, akuti Mulungu ndi wamkulu, tisataye mtima. Tsiku limenelo analibe mphamvu zonyamula mawuwo.

"Sindikuona ngati libwerera, bambo."

Anadikira ukali, koma sunabwere. A Kalipentala anangogwedeza mutu kangapo. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope, mbali yamoyo ija, ndipo iye anawapukuta ndi nsonga ya nsalu yake, n'kupitiriza kumanga matumba. Bokosi linatsekedwa dzuwa likadalipo. Puleni anakhala pawindo.

Lamulungu loyamba lopanda bokosi, Mai Tsache atatsuka mbale anaima pakati pa nyumba osadziwa kuti manja awaike pati. Anagona pamkeka kuti awongole msana pang'ono, ndipo anadzidzimuka mithunzi itatalika, a Kalipentala akumuyang'ana ali pampando, puleni ali pamiyendo.

"Mumaliza mkonono ngati injini ya chigayo," anatero.

"Bwanji osandidzutsa?"

"Ndimafuna ndione ngati muphulike."

Anapuma ma Lamulungu atatu okha. Lamulungu lachinayi kunabwera telala wa nyumba yoyandikana nayo, mayi wonenepa wolankhula mofulumira, atanyamula masizasi ndi timbale ta makina osokera m'kansalu.

"Anzanga, ndamva kuti muli ndi pepala lodabwitsa. Onani zangazi mmene zachitira."

Mai Tsache sakanakana, poti mayiyo ndi amene ankasuzumira a Kalipentala masana iye ali kuntchito, kuwapatsa madzi ndi kuwathandiza kutuluka panja. Mlungu wotsatira kunabwera wometa wa pamsewu ndi makina ake osungira. Kenako mkulu wina wokonza njinga, kenako mayi wina ndi mulu wa mafoloko ndi masipuni amene analandira paukwati wake, amene ankangowatulutsa kukabwera alendo. Aliyense ankabwera Lamulungu masana, chifukwa ndi pamene Mai Tsache ankapezeka.

A Kalipentala anatsitsimuka. Ankauza Mai Tsache kuti awaveke malaya a kolala, n'kukhala pakhonde ngati dokotala woyembekeza odwala. Chitsulo chilichonse chinkayamba chadutsa m'dzanja lawo lamanzere.

"Ichi mwachigwira ndi manja a thukuta, bwererani mukachipukute. Ichi n'chonyowa. Awa ndi odyera, mukadzamasula mudzawatsuke ndi sopo musanapatse alendo, tisadzamve kuti mwapha apongozi. Inu akulu, tcheni chimene mukuyendera tsiku lililonse mukufuna kuchikulunga kuti njinga iziyenda bwanji? Pepalali ndi la zinthu zosungidwa. Chimenecho pakani oyilo."

Ankafotokoza za nthunzi yosaoneka ija ngati anaitulukira okha, ndipo dzina la a Makiyi silinkamveka. Anthu ankapita akuyamika a Kalipentala. Koma wopala dzimbiri, wodula mapepala, womanga matumba anali Mai Tsache, chifukwa eni zinthu ankapala mopingasa ndipo a Kalipentala sankapirira kuonerera.

"Apatseni mayiwa, amadziwa. Ndinawaphunzitsa ndine."

Iye ankalandira sandipepa n'kuyamba kupala. Ankaona mmene amuna ake ankadyera bwino masiku amenewo, mmene ankafunsira kuyambira Lachisanu kuti kaya kubwera ndani, ndipo sankadziwa ngati akwiye kapena athokoze. Chala chija chinang'ambikanso pamalo omwewo. A Makiyi ataona anapukusa mutu.

"Ndimayesa ndinakupatsani mpumulo."

"Munandipatsa, koma anansi anabwera kudzabwereka."

Chaka chitatha anatsegula bokosi kuti asinthe mapepala. Matchizulo, sikweya, mahamala, mano a chobowolera, zonse zinatuluka zoyera. Sowo wamkulu yekha ndiye anawonongeka. Khoswe anali ataboola pangodya ya bokosi n'kudya thumba lake, nthunzi ija inathawira pabowopo, ndipo theka la sowo linali lofiira mpaka m'mano. Mai Tsache anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamukulunga m'pepala latsopano momwemo, ndi dzimbiri lake.

"Simumupala?" anafunsa a Kalipentala.

"Lero ayi."

"Pepala silichotsa lomwe lilipo kale."

"Ndikudziwa, bambo. Ndinakuuzani ndine."

Anamanga thumba, n'kukhala pansi, miyendo ili tambalale.

"Lamulungu likubwerali kuno sindipezeka. Achemwali anga akhala akundiitana kuyambira chaka chatha, mwendo ukuwavuta, ndipo ine sindinapiteko. Ndalankhula ndi apongozi anu, mkazi wa mwana wathu uja, abwera kudzakhala nanu tsiku lonse."

"Nanga anthu akabwera ndi zitsulo zawo?"

"Muwaphunzitse kupala."



Lamulungu m'mawa mkazi wa mwana wawo anafika ndi kachikwama kake. Mai Tsache anamuonetsa mankhwala a m'mawa ndi a masana, anamuuza mbali yoimira powadzutsa pampando, n'kuvala diresi lake labuluu lomwe linali litayamba kumukulira. Anakwera chitunda mpaka pamlatho, anapeza basi yopita kwa achemwali ake, anakhala pawindo. Ulendo wake unali wa ola limodzi. Basi isanatuluke n'komwe m'tauni, mutu wake unali utatsamira galasi.

Anadzutsidwa ndi kondakitala akumugwedeza phewa. M'basimo munalibe munthu wina aliyense, injini inali itazimitsidwa, ndipo panja panali malo amene sanawaonepo.

"Mayi, tafika kumapeto. Mumatsikira pati?"

Atatchula siteji yake, kondakitalayo anagwira pakamwa.

"Iii, tinadutsapo kalekale. Ndinakuwa katatu konse."

"Ndiye ndichite bwanji, achimwene?"

"Tibwerera konko, koma mpaka idzaze. Mwina ola, mwina awiri. Mukhoza kutsika mukawongole miyendo."

Mai Tsache anayang'ana panja, dzuwa lili phwee pa malata a timagolosale, anayang'ananso mpando wautali wakumbuyo umene unali wopanda munthu.

"Ndidikira momwe muno," anatero. "Koma ulendo uno mukandigwedeze ndithu, kukuwa kokha sindimva."